Mphoto ya buku imene oweruza ake ndi ana

Mwezi wa Januwale uliwonse, m'masukulu ambiri a pulayimale m'chigawo cha Texas ku America mumachitika chisankho. Ana a giredi 3 mpaka giredi 6, a zaka zapakati pa 8 ndi 12, amandanda pamzere m'laibulale ya sukulu, aliyense n'kulandira kapepala kokhala ndi mitu ya mabuku 20. Mwana amabisala kuseri kwa katoni imene aphunzitsi aimika patebulo kuti mnzake asamuonere, amachonga buku limodzi lokha, kupinda kapepalako, n'kukaponya m'bokosi. M'madera ena oyendetsa zisankho amachita kubwereketsa makina enieni, omwe aja makolo a anawo amavotera aphungu ndi pulezidenti. Mavoti a sukulu zonse amatumizidwa ku bungwe la oyang'anira malaibulale la Texas Library Association, ndipo buku lomwe lapeza mavoti ambiri limalandira mphoto yotchedwa Texas Bluebonnet Award. Bluebonnet ndi duwa lakutchire lomwe ndi chizindikiro cha chigawocho.

Patsikuli mulibe pulofesa, mulibe mtolankhani wodziwa kuunika mabuku, mulibe mphunzitsi amene voti yake imawerengedwa. Oweruza ndi anawo basi.

Koma si mwana aliyense amene amaloledwa kufika pabokosi. Lamulo lake n'lakuti akhale atawerenga mabuku osachepera asanu mwa mabuku 20 aja. Apa ndiye pagona nzeru yonse ya mphotoyi. Mwana amene akufuna kuti mawu ake amveke mu Januwale amayamba kuwerenga sukulu itangotsegulira mu Ogasiti. Woyang'anira laibulale amamata pepala pakhoma kapena kupatsa mwana aliyense khadi lake, ndipo buku likatha amachongapo. Mwana amene wafika pa mabuku anayi samachita kukankhidwa kuti atenge lachisanu, amapita yekha kukafunsa ngati labwezedwa. Pali kachigawo kena ka lamuloli kamene ine ndimakakonda kuposa zonse: buku limene mwana wachita kuwerengeredwa mokweza nalonso limatengedwa ngati waliwerenga. Aphunzitsi akawerengera kalasi yonse chaputala chimodzi patsiku mpaka buku kutha, ana onse a m'kalasimo apeza chimodzi mwa zisanu zija. Motero mwana amene akujejemabe powerenga, amene amagwira chala pa mawu alionse, satsala panja. Nkhaniyo waimva, ali ndi maganizo ake pa nkhaniyo, ndipo voti yake ndi yofanana ndi ya mnzake amene amameza buku usiku umodzi.

Mphoto ya Bluebonnet idakhazikitsidwa mu 1979 ndipo yoyamba idaperekedwa mu 1981 kwa wolemba mabuku a ana Beverly Cleary. Komabe a ku Texas sadachite kuyambitsa ndiwo. Ganizoli lidachokera kwa wogulitsa mabuku wina wa mumzinda wa Seattle, Harry Hartman, yemwe ankakhulupirira kuti mwana aliyense ayenera kupatsidwa mpata wosankha buku lomusangalatsa. Mu 1940 bungwe la Pacific Northwest Library Association lidayamba kupereka Young Reader's Choice Award, yomwe ndi yakale kuposa zonse za mtunduwu ku America ndi ku Canada. Mu 1952 mayi Ruth Gagliardo adayambitsa ina ku Kansas pokumbukira William Allen White, mkonzi wa nyuzipepala ya m'tauni ya Emporia. Vermont idatsatira mu 1957, Oklahoma mu 1959, ndipo pang'onopang'ono pafupifupi chigawo chilichonse cha dzikolo chidakhala ndi yake. Ku Ontario, m'dziko la Canada, mphoto ya Silver Birch idayamba mu 1994 ndipo idakula n'kukhala Forest of Reading, mmene msinkhu uliwonse uli ndi mphoto yake yotchulidwa dzina la mtengo, ndipo owerenga oposa 250,000 amatenga nawo mbali chaka ndi chaka.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu adaona kufunika kwa mphoto yotere, pomwe mphoto za mabuku a ana zidalipo kale? Ku America kuli mendulo ya Newbery, yomwe idayamba mu 1922, ndipo amasankha ndi komiti ya akuluakulu, makamaka oyang'anira malaibulale. Ndi mphoto yolemekezeka kwambiri, ndipo mabuku ambiri amene adailandira ndi abwinodi. Vuto n'lakuti chimene wamkulu amati n'chokoma, mwana sachiona choncho nthawi zonse. Mu 2008 Anita Silvey, katswiri wa mabuku a ana, adalemba nkhani m'magazini ya School Library Journal yofunsa ngati Newbery siidasochere, atamva kwa aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale kuti mabuku ena opambana amangokhala pashelefu osabwerekedwa. Nkhaniyo idautsa mapiri pachigwa. Chitsanzo chimene anthu amakonda kutchula ndi cha Judy Blume: sadalandirepo mendulo ya Newbery, koma ana adamuvotera m'zigawo zambirimbiri, kuphatikizapo ku Texas mu 1982.

Sindikunena kuti akuluakulu amalakwitsa ndipo ana amalondola. Mafunso amene magulu awiriwa amayankha ndi osiyana. Wamkulu amafunsa kuti, buku ili lalembedwa mwaluso motani? Mwana amafunsa kuti, kodi ndidafuna kudziwa zimene zichitike patsamba lotsatira? Munthu amene cholinga chake n'chakuti mwana azolowere kuwerenga sangalinyoze funso lachiwirili, chifukwa mwana amene sadafunepo kutembenuza tsamba sadzafika n'komwe pa mabuku aluso aja.

Kuti timvetse bwino chifukwa chake njirayi imagwira ntchito, tiyenera kuiyerekeza ndi njira ina imene imafanana nayo pamaso koma mkati n'zosiyana, njira yolipira mwana kuti awerenge. Mu 1984 kampani ya Pizza Hut idayambitsa ndondomeko yotchedwa Book It, yoti mwana akakwanitsa chiwerengero cha mabuku chimene aphunzitsi amuikira alandire pizza yaulere. Masukulu ena ali ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amafunsa mwana mafunso akamaliza buku n'kumupatsa mapointi, mapointiwo n'kusinthanitsa ndi timphatso. Ana amawerengadi, palibe angakane. Koma akatswiri a kaganizidwe ka anthu adachenjeza kalekale za msampha umene uli pamenepa. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett adachita kafukufuku pa ana a kumkaka a pa yunivesite ya Stanford amene ankakonda kujambula mwa iwo okha. Gulu lina adalilonjeza satifiketi likajambula, lina sadalilonjeze kanthu. Patapita masiku, atawaikira zojambulira popanda lonjezo lililonse, ana amene adalonjezedwa satifiketi aja ankajambula pang'ono poyerekeza ndi anzawo. Chimene chidali masewera chidasanduka ganyu, ndipo ganyu wopanda malipiro palibe amamufuna. Alfie Kohn adalemba buku lathunthu mu 1993 lodzudzula njira zoterezi m'masukulu.

Pa mphoto yosankha ana, mphatso siipita kwa mwana, imapita kwa wolemba buku. Chimene mwana amalandira ndi mpando wa woweruza. Kusiyana kwake kumaoneka pa funso limene mwana amafunsidwa akamaliza buku. Pa njira ya mapointi amamufunsa dzina la galu wa m'nkhaniyo, pofuna kumugwira ngati sadawerenge. Pa njira ya voti amamufunsa kuti, pakati pa ili ndi lija, lokoma ndi liti? Bwanji ukutero? Funso loyamba lili ndi yankho limodzi, ndipo aphunzitsi akulidziwa kale. Lachiwirili yankho lake lili m'mutu mwa mwanayo, palibe wina angamuyankhire, ndipo angathe kutsutsana nalo mnzake pabwalo nthawi yopuma. Aliyense amene adamvapo anyamata awiri akukangana za timu ya mpira akudziwa mphamvu ya mkangano wotere. Mwana amene mnzake wamuuza kuti "iwe sukudziwa kanthu, ukawerenge lachikuto chofiiracho kaye" amakhala wapatsidwa chifukwa chowerengera choposa chimene mphunzitsi aliyense angamupatse.

Ochita kafukufuku pa za kuwerenga akhala akupeza zofananazi. John Guthrie ndi Nicole Humenick, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2004, adapeza kuti zinthu zimene zimalimbikitsa kwambiri mwana kuwerenga ndi kumvetsa ndizo kukhala ndi zowerenga zomusangalatsa ndiponso kupatsidwa ufulu wosankha. Kampani yosindikiza mabuku ya Scholastic, imene imafunsa ana a ku America kawirikawiri, yakhala ikupeza kuti ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse amati mabuku amene amawakonda kwambiri ndi amene adasankha okha. Ndipo nkhawa ilipo yeniyeni. Ku Britain bungwe la National Literacy Trust lidapeza mu 2024 kuti mwa ana ndi achinyamata a zaka 8 mpaka 18, ongopitirira pang'ono mmodzi mwa atatu alionse ndiwo adati amakonda kuwerenga panthawi yawo yopuma, chiwerengero chimene panthawiyo chidali chotsika kuposa zonse chiyambireni kufunsa mu 2005. Awa ndi ana odziwa kuwerenga, okhala m'dziko lodzaza mabuku, koma mtima wofuna buku ukuzilala.

Tsopano tifike povuta. Mabuku 20 aja amasankha ndani? Ku Texas amasankha ndi komiti ya akuluakulu, oyang'anira malaibulale a m'masukulu ndi a m'matauni, amene amawerenga mabuku mazanamazana atsopano n'kupanga mndandanda. Ana, aphunzitsi ndi makolo atha kupereka mayina a mabuku, koma mawu omaliza ndi a komiti. Ndiye wina atha kufunsa kuti, ufulu wosankha uli pati ngati mwana akusankha m'mbale imene wamkulu wapakula kale? Funsoli ndi lachilungamo. Oikira kumbuyo njirayi amayankha kuti mwana akasiyidwa yekha amazungulira pamalo amodzimodzi, wokonda nthabwala amangowerenga nthabwala, wokonda zoopsa amangowerenga zoopsa, ndipo mndandanda umamukokera ku ndakatulo, ku mbiri ya munthu weniweni, ku nkhani ya mwana wa mtundu wina amene sadamuganizirepo. Popeza ayenera kufika pa asanu, posakhalitsa amatola buku limene sakadaligwira n'komwe. Ine ndikuona kuti yankholi lili ndi mutu, bola komitiyo isamaiwale amene ikuwasankhira. Mndandanda ukadzaza mabuku amene akuluakulu akufuna kuti ana aphunzirepo khalidwe, ana amanunkhiza msanga kuti iyi ndi homuweki yovala suti, ndipo chisankho chimafa.

Ku Britain adayesa kuchotseratu dzanja la wamkulu. Bungwe la Federation of Children's Book Groups, limene adayambitsa mayi Anne Wood mu 1968, lidakhazikitsa Children's Book Award mu 1980, ndipo woyamba kuilandira adali Quentin Blake mu 1981. Kumeneko osindikiza amatumiza mabuku atsopano ku magulu a m'madera, maguluwo n'kuwapititsa kwa ana m'masukulu ndi m'malaibulale. Ana amawerenga n'kupereka malikisi, ndipo malikisi amenewo ndiwo amatulutsa mabuku khumi omaliza, amene kenaka mwana aliyense m'dzikomo atha kuvotera. Kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, akuluakulu ntchito yawo ndi kunyamula makatoni ndi kuwonkhetsa. Mu 1998 ana amenewa adasankha buku loyamba la Harry Potter, wolemba wake J.K. Rowling asadatchuke padziko lonse. Pa mwambo wopereka mphotoyi, olemba onse amene afika pa khumi omaliza amalandira mtolo wa makalata ndi zithunzi zimene ana ajambula atawerenga mabuku awo.

Ngakhale mphoto zakale zolemekezeka zayamba kugonjera. Mendulo ya Carnegie ya ku Britain komweko amasankhabe ndi oyang'anira malaibulale, koma kuyambira 2019 magulu a ana amene amawerenga mabuku omwewo limodzi ndi oweruza amaponya voti yawo n'kupereka mphoto yawoyawo pambali. Zaka zina amagwirizana ndi akuluakulu, zaka zina ayi.

Nanga ana akapatsidwa mpata amasankha zotani? Amakonda kuseka, amakonda nkhani yothamanga, ndipo amakonda nyama, makamaka agalu. Mu 1983 ana a ku Texas ndi a ku Oklahoma adasankha buku la Bill Wallace lonena za mnyamata woopa agalu amene adapezeka akulera kagalu kosochera. Wallace adali mphunzitsi wa pulayimale ku Oklahoma, ndipo adayamba kulemba chifukwa cha ana a m'kalasi mwake, amene ankamvetsera nkhani zimene iye ankawafotokozera n'kumuumiriza kuti azilembe. Mphunzitsi amene amaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku amadziwa pamene maso awo ayamba kuyang'ana pawindo, ndipo n'zosadabwitsa kuti ana ena, amene sadamuonepo, adazindikira kuti bukulo lidalembedwera iwo. Odandaula amati mavoti a ana amangopita kwa olemba otchuka kale, amene mabuku awo akadagulidwa ngakhale popanda mphoto. Nthawi zina zimaterodi. Mphoto ya Smarties ya ku Britain, imene akuluakulu ankapanga mndandanda ana n'kuvota, Rowling adaipambana zaka zitatu zotsatizana, mpaka iye mwini adapempha kuti mabuku ake asamalowenso kuti ena apezeko mpata. Komabe amene akuganiza kuti ana amangofuna zopepuka sadaonepo kalasi itakhala chete, ena akupukuta misozi mobisa, aphunzitsi akuwerenga chaputala chimene galu wa m'nkhani akufa.

Mbali ina imene anthu saiganizira msanga ndi ya msika. Buku likalowa pamndandanda wa Bluebonnet, masukulu ndi malaibulale zikwizikwi a m'chigawo chachikulu ngati Texas amaligula, ambiri makope angapo. Kwa wolemba watsopano, kungolowa pamndandanda kumasintha moyo, asadapambane n'komwe. Osindikiza amadziwa zimenezi ndipo amatumiza mabuku awo ku makomiti mwachangu. Izi zimathandiza kuti mabuku abwino apitirire kusindikizidwa, koma zimatanthauzanso kuti komiti ili ndi mphamvu zambiri pa ndalama za anthu, ndipo iyenera kukhala ya anthu osagulika.

Chofooka chachikulu cha njirayi, kwa ine, si ana kapena komiti. Ndi mabuku enieniwo, kuti afike m'manja. Sukulu ya m'dera la anthu opeza bwino imagula makope asanu a buku lililonse ndipo ili ndi woyang'anira laibulale wophunzira ntchito yake, amene amakonza mipikisano, kuitana olemba, kukongoletsa makoma. Sukulu ya m'dera losauka imakhala ndi kope limodzi limene ana 60 akulidikirira, kapena ilibe woyang'anira laibulale n'komwe. Mu 2023 akuluakulu a maphunzi mumzinda wa Houston, ku Texas komweko, adalengeza kuti achotsa oyang'anira malaibulale m'masukulu 28 n'kusandutsa zipindazo malo ochitira zina, kuphatikizapo kusungiramo ana osokoneza m'kalasi. Makolo ambiri adakwiya, ndipo masukulu ambiri mwa amenewo adali a m'madera osauka. Kumene kulibe munthu woyendetsa chisankho, bokosi la mavoti silifika, ndipo zotsatira zimakhala mawu a ana amene adali ndi mwayi kale. A Young Reader's Choice Award adaliganizirako vutoli: mabuku amene amalowa pamndandanda wawo ndi amene adatuluka zaka zitatu zapitazo, nthawi imene makope otsika mtengo a chikuto chofewa amakhala atafika kale m'mashopu ndi m'malaibulale.

Nkhani ya kope limodzi imandikumbutsa sukulu imene ndidaphunzirako pulayimale. Mabuku a nthano adalipo, katoni yathunthu imene ena ake adapereka, koma ankakhala m'kabati yokiyidwa mu ofesi. Ndidawaona tsiku limene adandituma kukatenga choko: zikuto zowala, zina zikadali m'pulasitiki, pamwamba pake fumbi ndi zitosi za mphemvu. Ankaopa kuti tiwang'amba. Palibe adatifunsapo kuti ndi liti limene tikadafuna kuyamba nalo, ndipo ndidamaliza Sitandade 8 osadziwa zimene zidalembedwamo.

N'chifukwa chake ndikamawerenga za ku Texas, chimene chimanditenga mtima si makina ovotera kapena mwambo wa chakudya umene amakonzera wopambana. Ndi lamulo lija lakuti kumvetsera nakonso ndi kuwerenga. Kalasi ya ana 90 ya kwathu kuno singakwanitse makope a mwana aliyense, koma kope limodzi m'manja mwa mphunzitsi wodziwa kusintha mawu, mphindi khumi patsiku asanaweruke, limafikira ana onse 90 nthawi imodzi. Mabuku asanu pachaka ndi makope asanu. Kapepala kovotera kangachokere m'kope la mwana, bokosi lingakhale katoni ya sopo. National Library Service yathu idasindikizapo mabuku a ana, ena m'Chichewa, pa mndandanda wa Werengani, kotero poyambira palipo. Povuta ndi pamene a ku Texas savutikapo: iwo amasefa mabuku mazanamazana atsopano chaka chilichonse kuti atsale ndi 20, pomwe komiti ya kuno ingathe kuyenda m'mashopu onse a mabuku a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ikufunafuna nthano zatsopano za ana za m'Chichewa zokwana ngakhale khumi. Mndandanda woyamba ungafunike kutolera mabuku a zaka zingapo zapitazo, akale ndi atsopano pamodzi, ndipo wachiwiri ungadalire ngati olemba ndi osindikiza atamva kuti masukulu agula mabuku amene ali pamndandandawo.